Mlandu wa Mkazi Watsopano wa Alamu Anga

Jenala, Phalombe
3 Meyi 2025

Alamu a Julius,

Moni wanu ndi ameneyu, ndipo mumusunge bwino chifukwa wina sindikupatsani chaka chino. Ife kuno tili moyo. Amayi ali bwino kupatula bondo lija. Mwana wanu Princess akutalika ngati nzimbe ya kudimba. Chimanga takolola. Amene sakupeza bwino ndi mkazi wanu Happiness, mlongo wanga, ndipo matenda ake ndi inuyo.

Ndine Goliati, ngati chisanu cha ku Mangalande chakuiwalitsani dzanja langa. Goliati wokonza njinga pamsika wa Jenala, amene sipoko zimaongoka zokha zikamva kutsokomola kwake. Nkhoswe ya kuchikazi pa ukwati wanu. Ndine amene ndinakulandirani pamudzi pano mutabwera kuchokera kwanu ku Chiwalo ndi dikishonale m'khwapa, khosi lili ngati la nkhuku yonyowa. Tinakupatsani malo, tinakuumbirani njerwa, tinakunenepetsani. Mutapata mwayi wa sukulu ya kunja tinakuperekezani mpaka pa siteji ku Boma, ine nditasenza chikwama chanu cholemera ngati mwana wa ng'ombe.

Lero malipiro ake ndi uthenga umene munatumiza pa foni ya mlongo wanga Lachitatu. Ndauwerenga kokwana mazana atatu, ndaloweza, nditha kuuimba mu kwaya:

"Mayi a Princess, pepani sindikuimba pafupipafupi. Mkazi Watsopano wandigwira, sindikupuma. Ndimaliza naye mu Sepitembala."

Alamu! Ngakhale mbava ikaba mbuzi siyimika mbendera. Inu mpaka kumulemba ndi zilembo zazikulu, ngati dzina la sitolo. Osakhutira, mwamuikanso pa sitatasi ya pa foni kuti mudzi wonse uone: mzungu wa chipewa chonga lichero, diresi lofika m'mapazi, atakwera njinga. Njingayonso ndaiona bwino, ndi ntchito yanga. Ilibe keriyala, ilibe magiya, hendulo yake ndi ya m'nthawi ya Nowa. Mwasiya mlongo wanga chifukwa cha munthu amene sangathe kunyamula ngakhale thumba la nandolo?

Happiness wakutsekani pa foni ndipo wachita bwino. Nkhani ya banja sitikamba pa foni, mawu a pa foni amauluka ngati ngumbi. Lembani pa pepala ndi dzanja lanu, musaine, mujambule, mutumize pa nambala yanga. Ine ndikasindikiza ku Boma kuti amalume a Eneya, mwini mbumba, agwire ndi manja awo. Muyankhe izi. Dzina lake ndani mayiyu? Kwawo n'kuti? Anakumangirani ndani ukwatiwo, popeza ife sitinamve nthungululu? Ndipo mawu akuti "ndimaliza naye mu Sepitembala" akutanthauza chiyani, mwabwereka munthu ngati khasu?

Ankhoswe a mbali zonse tikumana Loweruka pa 14 Juni, pakhomo panu. Mukapanda kuyankha zomveka, mabuku anu onse aja, amene atsekereza zenera la kuchipinda, tiwakweza pa kabaza kupita kwa amayi anu ku Chiwalo, ndipo banja lithera pomwepo. Ine sindinama. Ndinanamapo kamodzi mu 2009 ndipo mpaka lero anthu amasimba.

Kuno kwayamba kuzizira. Mukapeza jekete ya chikopa saizi yanga musaope kutumiza, mlandu ndi wina, jekete ndi ina.

Ine mlamu wanu wokwiya,
Goliati Mulipa


Kumpoto kwa Mangalande
6 Meyi 2025

Alamu a Goliati,

Ndalandira kalata yanu. Ndikuthokoza kuti kunyumba kuli bwino, ndipo mundiperekere moni kwa apongozi ndi kwa amalume. Princess mumuuze kuti bambo ake akumufuna. Koma ndikuuzeni zoona, ndawerenga ndili mu laibulale ndipo ndinachita kutuluka panja kuti ndisakuwe.

Mkazi Watsopano si munthu! Ndi mutu wa pepala limene ndikulemba kuti ndimalize digiri. Zoterezi ndinazifotokoza ndisananyamuke, pakhonde pomwepo, koma inu munali kalikiriki ndi chimanga chootcha.

Mvetserani bwino, mukawerengere ankhoswe pang'onopang'ono. Kuno, cha m'ma 1890, kunabuka akazi amene anakana kungokhala m'nyumba kudikira kukwatiwa. Ankafuna sukulu, ankafuna ntchito, ankakwera njinga, ankafuna kusankha okha zochita ndi moyo wawo. Anthu, ena monyoza ena motama, anawapatsa dzina limene m'Chichewa ndalimasulira kuti Mkazi Watsopano. Sindinaganize kuti munthu wa nzeru zake angamve ngati ndikunena za mitala.

Ambiri mwa akazi amenewa ankalemba nkhani zazifupi. Nthawi imeneyo buku lenileni linkakhala lalitali, kawirikawiri m'zigawo zitatu, ndipo linkafuna zaka ndi chipinda chabata. Mkazi wa ana ndi ntchito za pakhomo akanazitenga kuti? Koma magazini anali atachuluka, ndipo ankafuna nkhani yowerenga n'kumaliza tiyi asanazizire. Pamenepo mpamene akaziwa analowera. Ankalemba za tsiku limodzi la mkazi, za maganizo amene sanena kwa mwamuna wake, ndipo nthawi zambiri nkhani inkatha popanda ukwati kapena maliro, zimene zinkakwiyitsa akuluakulu. Ena mwa iwo ankabisala kuseri kwa mayina aamuna, kapena kungolemba zilembo zoyamba za mayina awo, chifukwa owerenga akaona dzina la mkazi ankaweruza asanawerenge. Zimenezi zimandipweteka mtima, alamu. Ntchito yanga ndi kuwafukula akazi amenewa kuti alandire ulemu wawo.

Chithunzi chija ndinachijambula m'magazini yakale. Mayi ameneyo anamwalira agogo anu asanawoloke kuchokera ku Mozambiki.

Miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikuwerenga nkhani zimenezi, zoposa mazana awiri. Pano mutandipatsa tsamba lopanda dzina, mizere itatu yokha ndikuuzani ngati walemba ndi mkazi kapena mwamuna. Ndiye munthu wotere mukumuitanira ankhoswe ngati wagwidwa m'munda mwa eni?

Mabuku anga musawakhudze. Mayi a Princess muwauze anditsegule pa foni. Za jekete sindiyankha.

Ine,
Julius Nakoma


Jenala, Phalombe
20 Meyi 2025

Alamu, katswiri wa akazi akufa,

Tili bwino, kaya inu ndi mizukwa yanuyo. Ndachedwa kuyankha chifukwa foni yanga inagwera m'beseni loyesera machubu, yagona mu mpunga masiku khumi. Yadzuka, koma ikalira imamveka ngati chule.

Kalata yanu ndinasindikiza, ndinawerenga pansi pa mtengo wa mango, amalume a Eneya ali pomwepo, amayi ali pomwepo, Happiness akutonola chimanga chapatali pang'ono. Ndinawerenga ndi mawu a pa wayilesi, anthu a kutsidya kwa msewu anasiya ntchito. Nditafika poti mayiyo anamwalira kale, amalume anavula chipewa n'kunena kuti, "Ndiye kuti mwanayu wakwatira chiwanda? Bola akanakwatira wamoyo, tikanadziwa kokadandaula." Amayi akuti mubwere akakupempherereni. Choncho musaganize kuti mlandu watha, tsiku lija likadali pomwepo. Munthu salemba mkazi ndi zilembo zazikulu popanda kanthu.

Ndipo ine chandipsetsa mtima ndi china. Mwakwera ndege, mwadutsa nyanja zisanu ndi ziwiri, kukawerenga nkhani ZAZIFUPI? Zazitali zinakukanikani? Ndiponso mukuyankhula ngati olemba nkhani anathera kumeneko. Simukudziwa kuti mukulemberana ndi ndani. Chichokereni inu, pa wayilesi ya m'dera lathu lino pali pulogalamu ya nkhani Lamlungu masana, ndipo nkhani zisanu ndi ziwiri zawerengedwapo kale zolembedwa ndi Goliati Mulipa wa ku Jenala. Ineyo! Ndikamadutsa pa Boma amayi ogulitsa tomato amandiwonjezera basera osapempha. Woyendetsa minibasi wina anandikhazika kutsogolo n'kutsitsa m'busa. Ena akuti dzina langa lamveka mpaka ku Milanje, ku Mozambiki.

Pamene ndinawerenga mawu anu aja akuti mizere itatu yokha mumadziwa dzanja la mkazi, Happiness anaseka kamodzi, kuseka kwake koyamba mwezi uno. Kenako anati, "Achimwene, atumizireni yanu ija ya mpando, akatswiri aione." Ndiye ndakopera bwinobwino ndi dzanja langa, masamba atatu, ndajambula pamodzi ndi kalatayi. Kuti musanamizire kuti zithunzi sizikuoneka, chiyambi chake ndi ichi:

"Mpando wa aphunzitsi unkakhala pakhonde, ndipo palibe ankaukhalira. Ngakhale nkhuku zinkaulambalala. Tsiku limene aphunzitsi anapita ku Zomba kukachonga mayeso, Aliness anasesa, anatsuka mbale, kenako anaima kutsogolo kwa mpandowo ngati munthu wodikira pa ofesi. Anakhala. Anaona msewu. Anaona phiri la Michesi. Anaona ana a sukulu akudutsa, wina anamugwadira mwachizolowezi asanaone kuti ndani. Anatembenuka kuti aone kukhitchini, sanakuone. Anafuna mtondo, sanauone. Chingwe choyanikapo zovala, khola la mbuzi, njira ya kumjigo, zonse zinali kuseri kwa khoma. Ndiye anadzifunsa kuti, kodi zaka zonsezi bambowa amaganiza kuti ine ndimakhala kuti?"

Mwamva? Kaikeni pambali pa azungu anu a zipewa tione amene agwe.

Princess akuti mumugulire nsapato zowala kumapazi. Ine za jekete sindinaiwale, ndangokhala chete mwaulemu.

Ine mlembi wamkulu wa chigawo chino,
Goliati


Kumpoto kwa Mangalande
23 Meyi 2025

Alamu a Goliati,

Moni kwa nonse. Ndikhulupirira bondo la apongozi likuchepa ululu.

Ndinatsegula zithunzi zanu ndili wokonzeka kuseka. Ndawerenga kanayi. Alamu, ndikupepesa. Zaka khumi ndakhala ndikukuonani ngati munthu wa phokoso ndi girisi, osadziwa kuti pamsika wa Jenala pali mlembi. Nkhani imeneyi yapsa. Palibe mawu owonjeza, palibe kulalikira. Pamene Aliness akubwezera mpando pamalo pake enieni, mpaka kufufuta mapazi ake pa dothi, mwamuna n'kufika n'kukhala osazindikira kanthu, ndinaika foni pansi n'kuyang'ana kudenga. Mwa nkhani mazana awiri zimene ndawerenga kuno, zosakwana khumi ndi zimene zingaime nayo.

Ndipo ndikuuzeni mwa ukatswiri wanga: dzanja la mwamuna likuonekeratu. Mkazi akanalira pa tsamba lachiwiri, akanafotokoza zambiri. Inu mwagwira mtima ngati mmene mumamangira sipoko, osapyoza. N'zodabwitsa kuti mwamuna wamvetsa mkazi chotere.

Mphunzitsi wa m'nkhaniyo ndi chitsiru chenicheni. Ndikuwadziwa anthu otere, pa sukulu imene ndinkaphunzitsa panali wina. Munamutengera kwa iyeyo?

Ndikupempha chilolezo kuti ndiimasulire m'Chingerezi ndikaonetse mayi amene akuyang'anira pepala langa. Dzina lanu likhala pamwamba. Zinazo zisanu ndi imodzi nditumizireninso.

Chinanso, muwawerengere Mayi a Princess nkhani imeneyi mofatsa. Kale ankayesako kulemba tinthu m'kope, ndipo ndinawalangiza mwachikondi kuti sizinafikepo. Aone kwa inu mmene nkhani yeniyeni imakhalira, mwina angatolepo kanthu. Muwauzenso kuti masabata atatu akwana ndisanamve mawu awo, ndipo mlandu umene akundisungira ndi wa mphepo. Pa 14 Juni palibe chokambirana. Jekete ndaiona pa sitolo ina, mwaigwirira ntchito.

Ine mlamu wanu,
Julius


Jenala
1 Juni 2025

Bambo a Princess,

Ndili bwino. Mwana ali bwino, mayeso a pakati pa teremu anakhala nambala 3. Mbuzi yaikazi ija yabereka awiri. Denga la kuchipinda likudontha pakona, mabuku anu ndawasuntha, sananyowe.

Achimwene andiwerengera kalata yanu mofatsa monga munalamulira. Anayamba mokweza, koma pofika kumapeto anangondipatsa pepala n'kupita kukafuna sipanala imene inali m'thumba mwawo.

Za mkazi watsopano ndamva. Ndinakhulupirira tsiku lomwe kalata yanu yoyamba inafika. Inu simungakwatire mkazi wina, mulibe nthawi yoyang'ana munthu.

Tsono ndikukumbutseni. Mu Ogasiti 2021 ndinakupatsani kope la chikuto chobiriwira, la masamba 80. Munali nkhani zisanu ndi zinayi. Ndinazilemba chaka chathunthu, pa chigayo podikira mzere, kusikelo, pa mphasa mwana akagona masana. Ndinakupatsani ndi manja awiri. Munalisunga masabata atatu. Pobweza munali mutatsegula tsamba loyamba lokha, ndikudziwa chifukwa pa tsamba lachiwiri ndinaikapo kambewu ka chitowe ndipo ndinakapeza pomwepo. Pa tsamba loyambalo munazunguliza mawu asanu ndi bolopeni yofiira, chifukwa ndinalemba "l" pamene pafunika "r". Pansi munalemba 4/10. Munalembanso kuti "Yesetsaninso." Mkazi wanu, wogona naye mphasa imodzi, munamuchonga ngati mwana wa Fomu 1.

Kope limenelo ndili nalo pano pamwendo. Tsamba loyamba likuyamba chonchi: "Mpando wa aphunzitsi unkakhala pakhonde."

Sindinasinthe liwu ngakhale limodzi. Achimwene anangokopera, ndipo "l" ndi "r" wawo ndi woipa kuposa wanga.

Nkhani zonse zisanu ndi ziwiri za pa wayilesi ndi zanga. Zaka zitatu sindinagwire bolopeni chifukwa cha folo wanu uja. Ndinkati aphunzitsi anena, iwo ndiwo anapita ku koleji, ine ndinalekera Fomu 2 ndi mimba yawo. Mutachoka, nyumba itakhala zii, ndinatsegulanso kope. Koma mantha anali akadalipo, ndiye ndinapempha achimwene kuti andibwereke dzina. Ndinati anthu akaseka aseke Goliati, iye anazolowera. Sanaseke. Amayi ena anabwera kwa achimwene kudzafunsa kuti anadziwa bwanji za m'nyumba mwawo.

Ndiye inu mukuti mtima umakupwetekani chifukwa cha akazi a ku Mangalande amene ankabisala kuseri kwa mayina aamuna. Mukuwafukula. Mwapita kutali ndithu kukafukula. Kuno munakwirira ndani?

Mwati mkazi akanalira pa tsamba lachiwiri. Munadziwa bwanji, poti tsamba lachiwiri la mkazi simunafikepo?

Mwafunsa ngati mphunzitsi uja tinamutengera kwa mnzanu wa ku sukulu. Mpando wake ndi wa mlombwa, mwendo wakumbuyo munaumanga ndi waya. Ukadali pakhonde.

Ndikuuzeni chimene chikundiwawa kwambiri. Ndikanakonda mkazi watsopanoyo akanakhalapo, wamoyo, wa chipewa chake. Bwenzi ndikudziwa amene ndikulimbana naye. Bwenzi ndikuti anandiposa kuyera, anandiposa sukulu. Koma palibe amene anandiposa. Munangoona dzina langa pachikuto n'kutenga bolopeni yofiira.

Nkhani yanga musaimasulire. Sindinakupatseni. Ankhoswe abwerabe pa 14, ndili nawo mawu.

Ine,
Happiness Mulipa


Kumpoto kwa Mangalande
2 Juni 2025

Mayi a Princess, wokondedwa wanga,

Moni. Ndawerenga. Sindinadye.

Ndinalakwa, ndikuvomera. Koma mundimvetse, nthawi imene ija ndinali ndi mapepala a Fomu 4 okwana 160 oti ndichonge, dzanja linangozolowera. Ndiponso pamene ndimawerenga nkhani ija masiku apitawa, pena pake mumtima ndinkamva ngati ndikuidziwa. Ndikanapatsidwa nthawi ndikanazindikira.

Ndikonza. Kutsogolo kwa pepala langa ndilemba kuti ndalipereka kwa mkazi wanga Happiness, amene anandisungira pakhomo. Ndikabwera ndidzakhala nanu pansi, tidzadutsa m'kope lonse limodzi, ndidzakuthandizani kukonza zofunika kukonza kuti zifike poti n'kusindikizidwa.

Chonde auzeni amalume kuti msonkhano usachitike. Tisadzichititse manyazi pa anthu chifukwa cha kope.

Ine mwamuna wanu,
Julius


Jenala, Phalombe
17 Juni 2025

Alamu a Julius,

Moni. Tili moyo, ngakhale ine moyo wanga ndi wa dzina lokha, ndipo dzinalonso mwandilanditsa. Chiperoni chagwa masiku anayi, Michesi sakuoneka, makasitomala kulibe. Ndili ndi nthawi yokwanira yokulalatirani.

Choyamba, kalata yanu ija ya pa 2. Alamu, munalemba muli maso? Munthu nyumba ikupsa inu mukubwera ndi palafini m'botolo la madzi. "Ndidzakuthandizani kukonza." Ine amene ndinalekera Sitandade 7 ndinagwira kumutu. "Chifukwa cha kope." Happiness atafika pamenepo anapinda pepalalo kanayi, mwaulemu, ngati nsalu ya ku tchalitchi, ndipo ine ndinadziwa kuti kwatha. Mlongo wanga akamakuwa mumatha kukambirana naye. Akayamba ulemu, thawani.

Msonkhano unachitika Loweruka. Kwanu kunabwera amalume anu a Noah ndi achemwali anu aakulu, atanyamula nkhuku yoti tidye pokondwerera kuti nkhani ya mitala inali bodza. Happiness anaimirira n'kunena yekha kuti mkazi wina kulibe, ndipo akupepesa kuti anakuganizirani zimenezo. A Noah anaomba m'manja, wina anayamba kunola mpeni. Kenako Happiness anati, "Nkhukuyo bakhalani nayo."

Anayala mapepala awiri pa mphasa. Kumanzere tsamba la m'kope, la folo wofiira uja. Kumanja kalata yanu yondiyamikira ine. Anapempha achemwali anu, poti ndi a Fomu 4, kuti awerenge zonse ziwiri mokweza. Anawerenga. Pofika poti "dzanja la mwamuna likuonekeratu" anthu onse anatembenukira kwa ine n'kuyang'ana manja angawa, a girisi, chikhadabo chimodzi chakuda. Amalume a Eneya anaseka mpaka anatsamwa, tinachita kuwamenya pamsana. Pofika poti "mphunzitsiyo ndi chitsiru chenicheni" achemwali anu anaima, anayang'ana mpando uli pakhonde, anati, "Apa pokha achimwene analasa."

A Noah anayesetsa, ndisawanamizire. Anati, "Kodi banja lingathe chifukwa cha malikisi? Sanamenye, sanaledzere, sanapite kwina." Ine ndinaganiza kuti apa atigwira. Happiness anayankha kuti, "Zoona amalume. Akanandimenya mukanaona chotupa, mukanawadzudzula chaka chomwecho. Ichi ndayenda nacho zaka zinayi, ndipo mankhwala amene akunditumizira ndi bolopeni yomweyo." A Noah anayang'ana nkhuku, nkhuku inayang'ana a Noah.

Chigamulo ndi ichi, ndipo ndalamulidwa kuti ndikulembereni mosawonjeza, chinthu chimene chikundivuta kwambiri. Ukwati sanauthetse pa pepala. Koma pakhomo paja si panunso mpaka mwini wake atanena. Mabuku anu apita ku Chiwalo dzulo, makabaza atatu, ndinamanga ndekha ndi malamba atsopano, palibe limene lagwa. Zenera la kuchipinda latseguka koyamba chimangireni nyumba ija, ndipo pansi pake Happiness waikapo tebulo. Mukatsika ndege mu Sepitembala mukafikire kwa amayi anu. Princess muzidzamuona tsiku lililonse limene mwafuna. Koma za mlongo wanga, muyambirenso pachiyambi ngati mnyamata wofunsira mbeta, ndipo akuti yankho sakulonjeza.

Tsopano za ine, poti palibe amene akundilirira. Lamlungu masana wayilesi inawerenga nkhani yachisanu ndi chitatu. Muulutsi anati, "Yolembedwa ndi Happiness Mulipa wa ku Jenala, amenenso ndi mwini wa zonse zija tinkati ndi za a Goliati." Anabwereza kawiri, ngati chidziwitso cha maliro. Lolemba ndinapita pa Boma kukagula machubu. Mayi wa tomato anandiwerengera anayi enieni, n'kuchotsapo limodzi lalikulu kuikapo laling'ono. Ana a sukulu akunditcha Fotokope. Wa minibasi uja anandikhazika pa injini. Zonsezi chifukwa cha inu ndi mizere yanu itatu. Ine ndinali mlembi wotchuka wosavutitsa munthu, ndinkangobwereketsa dzina ngati mmene ndimabwereketsera pampu. Komabe ndikuuzeni, pa amuna onse a m'boma lino, ndine ndekha amene ndinawerenga kope lija mpaka tsamba lomaliza. Kawiri. Pena ndinalira, koma zimenezo mukauza munthu ndidzakana.

Dzulo madzulo, makabaza atapita, ndinamupeza pa tebulo lake lija. Ndinati, "Chemwali, munthuyu ngakhale ndi mbuli ya madigiri, ndi mlamu wanga, ndinamuzolowera. Akabwera ndimuuze chiyani?" Sanadzutse mutu. Anati, "Muwauze abwere ngati mlendo, aodire pakhomo. Ndikakhala kuti sindikulemba, ndiwayankha."

Ndiye alamu, m'miyezi itatu yatsalayi phunzirani kuodira. Muziyeserera pa chitseko cha laibulale yanuyo, mokweza koma mwaulemu, chipewa m'manja. Lachiwiri ndi Lachisanu musadzavutike n'kubwera komwe, amalemba tsiku lonse.

Ine mlamu wanu, pakadali pano,
Goliati Mulipa
Wokonza njinga basi